Tsiku Limene a Fackson Anachedwa ku Mayeso

A Fackson Chimwala anafika ku Salisbury mu 1956 kuchokera kwawo ku Ntcheu, atalekeza sukulu Sitandade 6. Anapeza ntchito pa fakitale ina ya mipando ku Willowvale, ndipo kwa zaka makumi awiri ankapala matabwa mpaka zikhatho zawo zinauma gwa. Ankakhala ku Mufakose ndi akazi awo a Rebeka ndi ana anayi. Anali munthu wofatsa, wokonda kuwerenga chilichonse, ngakhale nyuzipepala yokulungira nyama.

Mwana wawo woyamba, Dolly, anakhoza bwino pulayimale, koma masiku amenewo malo a ana achikuda ku sekondale anali ochepa kwambiri. A Fackson anamulembetsa sukulu ya makalata. Maphunziro akabwera pa positi, iwo ndi amene ankayamba kutsegula envulopu, ati kuti aone ngati mwana akuphunzitsidwa zoona. Chaka chitatha, a Rebeka anatopa nazo.

"Inu bambo a Dolly, musamanamizire mwana. Kalembetseni nanunso."

Analembetsadi. Bambo ndi mwana anakhoza JC limodzi, ndipo mu Novembala 1977 inakwana nthawi ya mayeso a O Level. A Fackson anali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu.

Kalata yowaitana inabwera ndi malamulo odzaza tsamba lonse. A Fackson anawawerenga mokweza banja lonse likumva. Munthu abwere ndi kalatayo pamodzi ndi chitupa chake. Alowe ndi zolembera, pensulo ndi lula basi. Mu holo asayankhule, asatembenuke, ndipo akafuna kanthu aimike dzanja. Wochedwa aloledwa kulowa ngati sipanathe mphindi makumi atatu, koma nthawi saonjezeredwa.

"Lomalizali silikutikhudza," anatero. "Ife sitichedwa."

Pepala la masamu linkayamba 9 koloko m'mawa, mu holo ya sukulu ina ya mpingo ku Highfield. Ananyamuka isanakwane 7. Koma nkhondo yomenyera ufulu inali itafika povuta chaka chimenecho, ndipo apolisi ankaimitsa mabasi kawirikawiri. Basi yawo itayenda pang'ono, anaiimitsa. Akazi anawasecha zikwama n'kuwabwezera m'basi, amuna onse anawakhazika pansi m'mbali mwa msewu.

Dolly anafuna kutsika. "Baba, ndikudikirani."

"Iyayi. Pita ukakhale pampando wako. Ndikupeza."

Basi inapita. Apolisi ankaona zitupa mmodzimmodzi, mosafulumira. A Fackson anayang'ana wotchi yawo mpaka anasiya, chifukwa mtima unkangowawa. Atafikiridwa, wapolisi wachinyamata anatenga kalata ya mayeso ija n'kuiwerenga, kenako anawayang'ana imvi za m'mbali mwa mutu.

"Kalata ya mwana wanu iyi, mudhara?"

"Ndi yanga. Dzina likufanana ndi la pa chitupa. Ndikulemba masamu 9 koloko."

Wapolisiyo anayerekeza mayina awiriwo, n'kuwabwezera mapepala. "Thamangani," anatero motsitsa mawu.

Nthawi inali itatsala pang'ono kukwana 9, ndipo basi ina sinkaoneka. A Fackson anavula jekete n'kuyamba kuthamanga. Chakutsogolo anakumana ndi lole ya malasha, dalaivala wake anawatenga mpaka pamphambano, kwinako anamaliza ndi miyendo. Anafika pakhomo la holo mphindi makumi awiri ndi zisanu ndi imodzi zitadutsa, malaya ali chonyowa, thalauza lili bii ndi malasha.

Woyang'anira mayeso anali mphunzitsi wamkazi, dzina lake mayi Adelaide Moyo. Anatuluka n'kutseka chitseko kumbuyo kwawo, anayang'ana wotchi, kenako chitupa ndi kalata.

"Mwapulumuka ndi mphindi zinayi, bambo. Mukudziwa kuti nthawi sindikuonjezerani?"

"Ndikudziwa, mayi. Lamulo ndinaliwerenga."

"Jekete siyani pano. Pukutani m'manja, mungadetse pepala."

Mipando inaikidwa motsatira mayina, choncho wa a Fackson unali kumbuyo kwenikweni kwa Dolly. Anaona mwana wawo atagwira cholembera koma osalemba, pepala lake lili ndi mizere iwiri yokha. Dolly sakanatha kutembenuka, iwonso sakanatha kumuitana. Anakoka mpando, n'kukhosomola kamodzi monga ankachitira akamalowa m'nyumba pochokera ku ntchito. Mapewa a Dolly anatsika, mutu unawerama, cholembera chinayamba kuyenda.

A Fackson anayamba ndi mafunso a miyeso ndi makona, poti zimenezo ankazigwira tsiku ndi tsiku pa matabwa. Mayi Moyo atanena kuti nthawi yatha, iwo anali pakati pa funso lomaliza, yankho lili m'mutu, longofunika mzere umodzi. Anaika cholembera pansi n'kupinda manja.

Kunja Dolly anawagwira mkono akulira ndi kuseka nthawi imodzi. "Ndimaganiza kuti akutengani, baba. Mutu unangoima."

"Funso lachisanu ndi chiwiri unapeza chiyani?" anafunsa iwo.

Masiku otsatirawo ankanyamuka 5 koloko wapansi, ndipo mapepala otsalawo analemba popanda vuto.

Zotsatira zinabwera chaka chotsatira. Dolly anakhoza maphunziro onse asanu, ndipo anapita kukaphunzira unamwino. A Fackson anakhoza anayi, masamu omwe aja ali m'gulu, koma Chingerezi chinawagwetsa. Sanadandaule nthawi yaitali. Anabwereza mu Juni, ulendo uno okha, n'kukhoza.

Ku fakitale anawachotsa kopala matabwa n'kuwaika kukhala kalaliki wa mosungira katundu, ntchito imene anaigwira mpaka kupuma. Anzawo a ku Mufakose anayamba kubwera Loweruka masana kudzafunsa mmene munthu amalembetsera sukulu ya makalata. A Fackson ankawakhazika pakhonde n'kuwathandiza kudzaza mafomu. Mwa anthu onse amene anawathandiza, asanu ndi awiri anadzalemba mayeso, ndipo mmodzi anali a Rebeka.