Kapu ya Tamala

Linali Lachinayi, cha m'ma 4 koloko masana, mvula itangokata, pamene Amayi anaswa kapu ya mng'ono wanga Tamala.

Tinkakhala ku esiteti ya tiyi ku Thyolo, kumene Amayi ankatsuka mbale kunyumba ya azungu. Kapuyo anawapatsa ndi Dona, mkazi wa bwana, chifukwa inali itaduka chogwirira. Inali yoyera, ya timaluwa tabuluu, yopyapyala moti ukaiyang'anitsa kudzuwa unkaona mthunzi wa zala zako. Ukaigogoda ndi chikhadabo inkalira ngati kabelu. Akhuki a panyumbapo anatiuza kuti anaiumba ku Mangalande ndi mafupa osinja. Ine ndinkaiopa, koma Tamala ankaikonda.

Dzinja limenelo chikuku chinalowa m'makomboni. M'nyumba munkanunkha nsalu zosauma ndi utsi wa bulugamu. Tamala anakana phala, anakana madzi, kupatula a m'kapu yakeyo. Ntchito yanga inali yomugwirira kukamwa.

Tamala atamwalira, Amayi anaikulunga kapuyo m'chitenje n'kuimenya pamwala wa pakhomo, zidutswazo akazisiye pamtumbira. Ndinalira kuti bwenzi atandipatsa ine.

"Ukufuna adzabwere kudzaifuna kwa iwe?" anatero Amayi.

Mpaka kukolola, supuni ikagunda mbale ndinkatembenukira kukhomo.

Sukulu ndinalekezera panjira, koma mwana wanga Eneless anaphunzira unamwino n'kundiitanitsa kuno ku Scarborough, ku Mangalande. Nkhani ya kapu ankaidziwa. Chaka china ananditenga ulendo wokaona fakitale imene inaumba kapuyo. Wotiyendetsa ankafotokoza, Eneless akumasulira: kuti mwini wake woyamba anavutika zaka zambiri kusakaniza dothi ndi phulusa la mafupa a ng'ombe, zikumuswekera mu uvuni, mpaka zinatheka. Akhuki aja sananame. Tinaona amayi akujambula timaluwa tomwe tija ndi kaburashi, ndi bambo wina amene ankagogoda kapu iliyonse. Yosalira bwino ankaiponya kuseri.

Ndinasuzumira kuseriko. Unali mulu wa zidutswa zoyera, wotalika kuposa munthu.

"Anthu onsewa anafa liti?" ndinafunsa.

Eneless anaseka mpaka misozi. "Amayi inu! Kuno amangotaya, si manda." Anagula kapu imodzi, ndipo ankamwera tiyi m'mawa uliwonse asanakakwere basi ya kuntchito.

Eneless tinamuika m'manda m'nyengo ya chipale chofewa yathayi. Amayi a kumpingo anandinong'oneza kuti kumanda a kuno salola zoswekasweka, osesa amachotsa. Kapu yake ija ndinaikulungabe m'chitenje, ndinaima nayo pakhonde la fulati yathu, dzanja m'mwamba. Mawu a Amayi anga aja anandibwerera, ndipo ndinaona kuti chimene iwo ankaopa ndi chimene ine ndikufuna.

Sindinaiswe. M'mawa uliwonse ndimaitsuka, ndimaiika pawindo, ndipo ndimakhala moyang'ana kukhomo.