Tambala amene amalume anadya

Amalume anga, a Chikaonda, ndi amene anandilanda bambo, ndipo anachita zimenezi ndi mawu atatu okha.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, tikukhala ku Mgona. Bambo anga ndi Mburundi. Anathawa nkhondo kwawo ali mnyamata, ndipo ankagulitsa nyemba pamsika. Pokwatira amayi anatsata mwambo wonse wa kuno. Pa chinkhoswe anapereka tambala, ndipo amene anamulandira ndi manja awiri, monga nkhoswe ya amayi, anali amalume omwewo.

M'mawa wina kunabwera lole yotola anthu obwera kuti ikawatule ku kampu ya othawa nkhondo. Ndikukumbukira fungo la dizilo, ndi nyemba zitamwazika m'matope. Amayi anagwada pamaso pa wapolisi.

"Bwana, awa ndi amuna anga. Ankhoswe ndi awo aima apowo, afunseni."

Amalume anayang'ana gulu limene linkakuwa kuti "Azipita kwawo!", kenako anayang'ana nsapato zawo.

"Sindikumudziwa munthu ameneyu."

Ndinatola chibenthu cha njerwa. Dazi la amalume linali pafupi, likung'anima. Bambo, mwendo umodzi uli kale m'lole, anakuwa m'Chichewa chawo chopindika chija chimene anzanga ankandiseka nacho:

"Yohane, taya! Kwathu zinayamba ndi mwala umodzi. Pakamwa uli napo."

Njerwa ndinataya, koma mkwiyo ayi. Kusukulu wina ananditcha "kaburundi kotsala", ndinamugulula dzino, ndipo Sitandade 7 inathera pomwepo. Bambo ali ku kampu mpaka lero. Zanditengera zaka kuti ndimve zimene ankanena tsiku lija: dzino lija silinabweze munthu, linangopatsa anthu chonena, kuti mwaona, magazi a nkhondo.

Mwezi wathawu kunali chinkhoswe cha mlongo wanga ku Area 25. Amalume anafika atavala jekete, n'kukhala pampando wa nkhoswe ngati palibe chinachitika. Akuchimuna atatulutsa tambala, amalume anatambasula manja. Ndinapinda manja kumbuyo, kuopa kuti angamenyenso munthu, ndinakagwada pamaso pawo monga mwana wolemekeza, ndipo ndinalankhula moti ngakhale amayi a nthungululu anatseka pakamwa:

"Amalume, tambala wa bambo anga munadya, mwini wake n'kumukana. Uyu musamugwire. Alamu athuwa tikuwafunabe."