Ming'alu ya pa Ndime Yanga

Ndikukumbukira chaka chimene sukulu yathu ya sekondale yoyendera, kufupi ndi Ngabu, inakhala ndi timu ya mpira koyamba. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Yunifolomu tinalibe, mpira unali umodzi, ndipo bwalo linali munda wa thonje umene mwini wake anausiya. Amene mukulidziwa dothi la makande mukudziwa zimene limachita mu Okutobala. Limang'ambika ming'alu yoti dzanja n'kulowa mpaka m'chigongono.

Aphunzitsi athu a masewero, a Semba, anatiuza kuti timu ya sukulu ina ibwera Loweruka la sabata yotsatira, ndipo sangalole ana a eni kuthamanga pa ming'alu. Anagawa bwalo ndime ndime ngati munda, wosewera aliyense yakeyake. Ntchito inali kukatapa mchenga kumtsinje wouma, kuuthira m'ming'alu, n'kumasinja ndi mtengo mpaka utakana kulowa.

Ndime yanga inali kutsogolo kwa golo. Ndinasenza ndowa zitatu, mchenga ukungomira ngati ndikuthira m'chitsime. Dzuwa la kwathu silinyengerera munthu, ndipo ndinatopa. Ndiye ndinachita nzeru zanga zopusa. Ndinatsendera mapesi a mapira ndi udzu m'ming'alumo, n'kuwaza mchenga pamwamba. Panasalala bwino moti a Semba anandiyamikira pamaso pa anzanga, ine chitsiru n'kumamwetulira.

Lachitatu tikuyeserera, Zuze anathamangira mpira pa ndime yangayo. Zuze anali mnzanga wokhala naye desiki imodzi, ndipo pakati pathu ndi iye yekha amene ankadziwadi kugoletsa. Sabata yonse ankangonena kuti bambo ake, amene ankati mpira ndi ulesi, avomera kudzamuonera Loweruka. Phazi lake linalowa pansi, thupi n'kupitirira. Ndinamva kuti thyo! Sanalire. Anangogwira mwendo n'kumayang'ana kumwamba.

Atamutengera kuchipatala pa njinga, a Semba anagwada pamalopo n'kusolola phesi. Anasololanso lina. Sanandimenye, ngakhale kuti mwina kundimenya kukanandipepukira. Anangondiika mapesiwo m'manja.

"Iwe unkafuna kunamiza ine," anatero, "koma wapondapo ndi Zuze."

Madzulo omwewo ndinabwereka khasu n'kufukula ndime yonse. Lachinayi ndinalawirira kumtsinje sukulu isanayambe, n'kubwereranso titaweruka. Mchenga unkatentha kumapazi, nkhata inatha, pamutu panatupa. Mayi anafunsa ngati ndazungulira mutu. Anzanga awiri anabwera ndi ndowa zawo koma ndinawabweza, chifukwa ndinali ndi manyazi komanso ndinali nditadzikwiyira koopsa. Ndinasinja mng'alu uliwonse mpaka mtengo unkadumpha m'manja. Lachisanu madzulo a Semba anayenda pa ndimeyo akubaya pansi ndi ndodo, malo ndi malo. Anangondiuza kuti mawa ndisewera kutsogolo, pamalo pa Zuze.

Loweruka anatichinya zigoli zitatu, ife osagoletsa ngakhale chimodzi. Kawiri konse mpira unandipeza ndili ndekha ndi goloboyi, kawiri konse ndinaumenyera kutchire. Bambo a Zuze sanabwere. Koma Zuze anabwera n'kukhala pansi pa mtengo wa nimu, mwendo uli mu pulasitala. Mpira utatha ndinapita kukamuuza zonse za mapesi aja.

"Ndinamva kale, shamwali," anatero. "Koma waona? Lero sanagwe munthu."

Chaka chonsecho bwalolo linakhala ngati langa. Mng'alu ukangoyamba, ndinali nditafika kale ndi ndowa, ndipo timu yathu inadzayamba kupambana mvula itayandikira. Koma Zuze sanasewerenso. Fupa linalumikizana mokhota, ndipo bambo ake anamwalira asanamuonepo akugoletsa.

Kale ndinkadzitonthoza kuti ndinakonza cholakwa changa. Tsopano ndikudziwa kuti ndinakonza bwalo lokha. Ntchito imene ndinaithawa inanditengera masiku awiri basi, ndipo mphamvu zake ndinali nazo kuyambira pachiyambi. Zuze lero amagula thonje pa Ngabu. Tikakumana timayendera limodzi kupita kumsika, iye akutsimphina, ine ndikuchepetsa liwiro kuti tifanane. Amaona ndithu kuti ndachepetsa, koma amangopitiriza kuyenda.