Buku la Nyimbo la Amayi

Abambo anga anakalambira kunyumba yosindikizira mabuku ya kumishoni, akutola zilembo zachitsulo chimodzichimodzi n'kumaziyala m'mizere. Mabuku a nyimbo amene tinkaimbira m'matchalitchi, kuyambira ku Mayani mpaka ku Chimbiya, anadutsa m'manja mwawo, ndipo amene anaphunzira ntchito kwa iwo mpaka lero amati tsamba lizikhala ndi popumira. Koma kuvuta kwake munthu uja! Akaona buku lothithikana ankaliponya patebulo, amvekere, "Uyu wadzala mbatatesi zonse phando limodzi."

Matipate itabwera, iwo anali atapuma pantchito, makompyuta atalowa. M'zaka zomwezo maso a amayi anayamba kuchita chidima. Amayiwo ndiwo ankayambitsa nyimbo kutchalitchi kwathu. Lamulungu lina anaima pakati pa ndime, zilembo zitawasokonekera, atsikana a kwaya n'kuseka. Atafika kunyumba anatsekera buku lawo la nyimbo m'sutikesi.

"Kuimba ndasiya," anatero. Zinandiwawa zedi.

Abambo anangoyamba kulawirira kumishoni kuja, m'chisanu cha mu Juni, kukapempha makina akale amene anali atangokhala pakona. Ankabwerako zala zili bii, akutsokomola. Ine ndiye kukalipa: "Mufuna mutifere kumeneko eti?" Iwo m'mawa mwake n'kulawiriranso.

Tsiku lina anabwera ndi buku limodzi lokha, losokedwa ndi ulusi. Zilembo zake zinali zonenepa ngati nyemba, m'mbali atasiyamo malo oti chala chigwire osaphimba mawu. Koma mizere yake, ayi ndithu, wina wautali, wina wa mawu awiri okha.

"Abambo, mwakalambadi," ndinawaseka. "Mizere yanji yoduka chonchi?"

"Iwe, khala chete. Amako amapumira pamenepo."

Kani zaka zonse zija, ali phee m'tchalitchi kumbali ya amuna, ankamvetsera pamene mkazi wawo amakokera mpweya. Amayi anatsegula buku, n'kuyesa ndime imodzi chapansipansi, kenaka anakweza mawu. Lamulungu lotsatira analowa nalo m'tchalitchi atalikulunga m'kansalu.

Chifuwa chija sichinawasiye abambo. Pamaliro awo amayi ndiwo anayambitsa nyimbo. Anaimba ndime zonse osaphonya liwu. Tikubwera kumanda ndinawafunsa kuti alimba bwanji.

"Mwanawe," anatero akusisita chikuto cha buku lija, "paliponse pamene mpweya umandithera, ndimapeza abambo ako atandisiyira malo."