Chikole M'mbale ya a Francisko

Anzanga, ine si munthu woyankhula. Kwathu ku Mauwa amati Pililani akatsegula pakamwa ndiye kuti akuyasamula. Koma nkhani iyi ndiinena.

Ndinakumana ndi Lameck mu 2006, tsiku limene a Francisko ankatsegula lesitilanti yawo pa boma la Chiradzulu. Bambowa anaphikira bwana wa ku Thailand zaka naini ku Limbe, ndipo pobwerera kwawo bwanayo anawasiyira mapoto ndi chiwaya chakuya ngati beseni. Ine ndinkawabweretsera tsabola wa kambuzi ndi anyezi wa kudimba kwa mayi.

Nditatula dengu kukhitchini, ndikutuluka, wina anati, "Chemwali, mwabweretsa moto ndiye mukuthawa? Khalani, tipse limodzi."

Anali Lameck, mnyamata wa kabaza, njinga yake ataiyedzeka pakhomo.

Ndinakhala, maso ali pansi. A Francisko anabweretsa mpunga, nkhuku yophika mumkaka wa kokonati, ndi zina zazitali ngati zingwe zothira mtedza. Zonse anaika pakati pa tebulo.

"Ku Thailand munthu sadya mbale yakeyake, aliyense amatapa pakati," anatero. "Tsabola mukufuna wa Chiradzulu kapena wa Thailand?"

"Wa Thailand, bwana," anayankha Lameck monyada.

Masipuni awiri okha, misozi chuchuchu, chifuwa chosaleka. Ndinaseka mpaka kubisa nkhope m'chitenje.

Kuyambira tsikulo dengu langa silinayendenso pamutu. Ankanditenga m'mawa uliwonse, ine pakaliyala, iye akupalasa n'kumandiimbira nyimbo zolakwika mawu.

Mwezi wa Epulo anabwera ndi amalume ake, nakapereka chikole kwa amalume anga a Vitalis: chitenje cha buluu, mpango ndi wotchi yaing'ono. Mukudziwa, chikole chikalowa m'nyumba mtsikana amakhala wa mwini. Anyamata ena anasiya kundiyimitsa panjira. Mayi anamulozera malo omanga nyumba, njerwa ndinaumba ndekha.

Kenako zinayamba. "Lero ndili busy." "Tayala laphulika." "Mawa, dear."

A Francisko anali ndi kamera, ankajambula makasitomala n'kumata zithunzi pakhoma. Lachisanu lina ndikudutsa ndi dengu, maso anga anagwera pa chithunzi chatsopano... Lameck, akudyetsa mtsikana wina ndi foloko.

Ndinamupeza pa siteji ya njinga.

"Uja ndi ndani?"

"Kasitomala."

"Makasitomala mumawadyetsa?"

Anapukuta chishalo kwa nthawi, kenako anati, "Pililani, tinene chilungamo. Iwe unalekezera sitandade sikisi, ngakhale menu sutha kuwerenga. Wa pachithunziyo ndi Angella, ali ndi Form Four, bambo ake ndi adikoni ku Mbombwe. Undimvetse."

"Nanga chikole?"

"Sunga. Ndi gift."

Gift, anzanga. Chinthu chimene amalume awiri anakhalira pamphasa, iye amafuna chithere pamsewu, anzake a kabaza akumvetsera. Ine ndikhale womangika, iye womasuka.

Ndinalira sabata yonse, osauza munthu.

Tsiku lina a Francisko akusankha tsabola anati, osandiyang'ana, "Loweruka Lameck wabukitsa tebulo lalikulu. Akubwera ndi Angella, bambo ake ndi amalume ake, akufuna awaonetse kuti ndi munthu wotsogola. Ndikusowa woperekera zakudya."

"Ndibwera ine."

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. "Mwana wanga, mbale zanga ndi zochepa. Usaswe."

Loweruka masana alendo anafika. Lameck anali mu jekete yobwereka, manja a jeketeyo aatali kuposa mikono yake. Ndinatuluka ndi beseni ndi jagi, n'kugwada kusambitsa alendo mmodzimmodzi. Nditafika pa iye, anasamba osandiyang'ana.

"Mtsikana waulemu uyu," anatero adikoni.

Ndinabweretsa mpunga, nkhuku, ndiwo zamasamba. Pomaliza ndinabwera ndi mbale yaikulu yovundikira, ndinaika pakati penipeni, n'kugwadanso.

"Ichinso ndi cha ku Thailand?" anafunsa amalume a Angella akuseka, navundukula.

Chitenje cha buluu, chopindidwa bwino. Mpango. Wotchi ikuyendabe.

Ndili chigwadire, mawu anatuluka. "Pepani akuluakulu. Ichi ndi chikole chimene a Lameck anapereka kwa amalume anga a Vitalis, ku Mauwa, mu Epulo. Sanabwere kudzathetsa. Ndati ndibweze pamaso pa anthu, mwana wanu asalowe pamalo pamene pali mwini."

Adikoni anatembenukira kwa Lameck.

"Achimwene, n'zoona izi?" anafunsa adikoni motsitsa.

"Bambo, mtsikanayu... sindimudziwa bwino. Amangogulitsa tsabola."

A Francisko anasuzumira pawindo la khitchini, chipande kumanja. "Aa, Lameck. Wotchiyo si ija unandituma ku Limbe?"

Adikoni anavala chipewa. Amalume anavundikira mbale ija mosamala, n'kuikankhira kwa Lameck. Angella sanalire. Anapita kukhoma, anamatula chithunzi chija, n'kutuluka nacho kutsatira bambo ake.

Lameck anatsala yekha ndi chakudya cha anthu anayi.

"Wandipha, Pililani."

"Idyani, chizizira," ndinatero, n'kutola beseni langa.

Amayi a kutchalitchi akuti ndinachita nkhanza, zikanathera kwa ankhoswe mwakachetechete. Mwina n'zoona. Ndinamukonda munthuyu, anzanga, ndipo masiku ena zimandiwawabe ngati dzulo. Koma chisoni sindimumvera. Anandisiya chonchi chifukwa ankadziwa kuti ndine wamanyazi, sindinganene kanthu.

Panopa amakhala pa siteji pomwe paja. Lachiwiri ndi Lachisanu ndimafika ndi dengu langa, ndimaima patsogolo pake, ndimayang'ana njinga zonse mosapupuluma... kenako ndimakwera ya munthu woyandikana naye.