Phala Lachikasu la Mpongozi Wanga

Ine chakudya cha munthu wina sindidya ndisanaone mwiniwake atayamba waika m'kamwa. Ndi mmene anandilerera amayi anga kuno ku Mkanda. Kaya ndi thobwa, kaya ndi ndiwo, wopereka ayambe walawa. Amene ankandiseka pa zimenezi, ambiri ndinawaperekeza kale kumanda.

Zaka zija matipate atangoyamba, m'mimba mwanga munavuta. Ndikangodya pang'ono mimba inkatupa ngati ng'oma, chilungulira n'kukwera mpaka pakhosi. Mapiritsi a kuchipatala ankandithandiza, koma akatha vuto n'kubwerera. Ndinaonda mpaka chitenje kumazungulira kawiri, ndipo ndinayamba kuyang'anitsitsa aliyense wolowa pakhomo panga.

Nthawi imeneyo mwana wanga wamwamuna, amene ankapalasa njinga kukapikula katundu ku Chipata, anali atangobwera ndi mkazi wa kutsidya kwa malire. Chitengwa. Abale ake tinangowaona kamodzi. Chimene ndinkadziwa n'choti mtsikanayu anakulira pa ntchito ya m'nyumba kwa amwenye ena a sitolo kumeneko.

Tsiku lina anagwada pakhomo, nati, “Amayi, adona anga aja mimba ikawavuta ankaipumitsa. Ankasiya nyama, tiyi, shuga ndi zokazinga. Ankangodya phala la mpunga ndi mphodza, n'kumamwa madzi ofunda a jinja. Ndikuphikireni?”

“Kuipumitsa mimba? Yasanduka ng'ombe ya pangolo?”

Sanaseke. Ndinamuuza kuti aphike, ine n'kukokera mkeka pamalo poti ndiziona m'khitchini monse.

Ananyika mphodza, n'kuzitikita mpaka makoko onse atayandama. Mpunga anautsuka mpaka madzi kuyera. Anasungunula kabatala pang'ono, n'kuponyamo tinjere tina timene tinathetheka ngati chimanga chokazinga. Kenako anamasula kapepala kochokera m'sutikesi mwake, n'kutapa ufa wachikasu umene ndinali ndisanauonepo. Anati ndi muzu wopera, mbale wake wa jinja. Zonsezi ndinazilola. Koma ndinaona chinthu chimodzi: kuyambira poyika mphika pamoto mpaka popakula, mwanayu sanalawe. Mkazi wanji wophika osanyambitako chipande? Anabweretsa mbale, n'kuiika patsogolo panga, n'kubwerera chafutambuyo, pakamwa pake pali gwa.

Atangotembenuka ndinakhuthulira nkhuku kuseri kwa nkhokwe, n'kukhala pansi kudikira kuti ndione imene iyambe kugwa.

Sinagwe ndi imodzi yomwe. Koma mankhwala ena amayenda pang'onopang'ono, ndiye mawa lake ndinateronso, mkuja wakenso. Madzi a jinja ndinkathirira mtengo wa papaya. Ine ndinkangobwira ufa wa mtedza mobisa, mimba n'kumatupirabe. Mwana wanga ndinamuuza kumbali kuti ndikafa asafunse kutali, ndipo mkazi wakeyo ayambe kuganiza za njira ya kwawo. Anangogwira kumutu, n'kukwera njinga yake.

Masana ena mpongoziyo anabwera ndi mbale monga mwa masiku onse, koma sanabwerere. Anakhala pansi chapatali.

“Amayi, nkhuku zanu zanenepa.”

“Ndi gaga.”

“Gaga wachikasu? Tambala uja milomo yake yasintha mtundu.”

Ndinaona kuti zobisa zatha. Ndinamuyang'ana m'maso, chinthu chimene apongozi sachitirana, n'kumufunsa kuti, “Iwe mwana, bwanji sulawa chimene waphika?”

Anayasama kukamwa. Kenako anagwira pachifuwa.

“Mayo! Ndi zimenezo? Amayi, kwa adona kuja ukangolawa ndi chipande, mphika wonse ankataya. Amati chakudya chimene chakhudza pakamwa pa munthu chasanduka makombo, sungapatse wamkulu kapena wodwala. Anandimenyapo pa dzanja ndili kamtsikana mpaka ndinazolowera. Ine ndimati ndikukulemekezani!”

“Kuno wosalawa ndi amene akudziwa chimene waikamo.”

Misozi inali lengelenge m'maso mwake. Ndinkayesa anena kuti akupita kwawo, ndipo akanatero sindikanamuletsa. Koma anadzuka, n'kukatenga mphika ndi mbale ina. Anatapa phala ndi chipande, n'kudonthezera pachikhatho chake, chipandecho osafika kukamwa, n'kunyambita pachikhathopo ine ndikuona.

“Apa adona sangakwiye, inunso mwaona,” anatero. Ndiye anadzipakulira m'mbale inayo.

Ine ndinatambasula dzanja, n'kusinthanitsa mbale zija. Yake kwa ine, yanga kwa iye. Anaseka mpaka kutsamira chipupa, n'kudya yanga ija yonse, kukombeza ndi chala.

Ndinadya. Linali phala lofewa, lofunda, la mchere wapatali, lonunkhira ngati m'sitolo za ku Chipata. Silinandilemere. Kuyambira pamenepo m'mawa ankandipatsa madzi ofunda, masana ndi madzulo phala lomwelo, nthawi zina aikemo dzungu kapena chisoso. Tiyi ndinamulira ngati maliro, mutu n'kumawawa masiku oyamba. Iyenso anasiya tiyi ndi nyama, kuti tizidya za mumphika umodzi, ngakhale tsiku limene mwamuna wake anabwera ndi nyama ya mbuzi kuchokera ku boma. Fungo linadzaza bwalo lonse, ife awiri tili pa mkeka ndi phala lathu lachikasu, kumezera malovu.

Sabata isanathe mimba inaphwa. Ndinayetsemula osagwira m'nthiti. Anandibwezera ku zakudya zina pang'onopang'ono, masamba poyamba, nyemba pambuyo pake, ndipo mvula itagwa ndinagwira khasu ndekha.

Sindinena kuti ufa wa amwenye uposa chipatala. Mapiritsi ndikawafuna ndimakatenga. Sindinenanso kuti ndinasiya kuyang'anitsitsa anthu, ayi, maso ndi omwe andifikitsa pano. Koma mwana wa eni uja ndinamupatsa ndime kumunsi kwa munda wanga wa mtedza kuti azidzalamo mphodza, ndipo za njira ya kwawo sindinazitchulenso. Ana ake anayi anabadwira pakhomo pano, onse ndinawabereka kumsana umene ndinkayesa sudzaonanso dzinja.

Mpaka lero mimba ikayamba kulemera ndimamuitana. Amabwera ndi mphika, n'kudonthezera pachikhatho, n'kunyambita. Mbale sindisinthanitsanso. Iye ndi amene amandifunsa, akumwetulira, “Amayi, lero simusintha?”