Mikwamba makumi asanu ya a Barnaba

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa mpira unandikana. Nditamaliza folomu 4 ndinakayesa mwayi ku Mwera Stars, timu yathu ya ku Yofu. Nditathamanga masiku atatu mpira ukungondidutsa, a Barnaba, mkulu wa timuyo, anandiitanira pambali. "Alubano, miyendo yako njaifupi, koma umalawirira kuposa onsewa. Bwalo lilibe mwini." Ndi mmene ndinakhalira wosamalira bwalo.

Timuyi anaiyambitsa ndi a Barnaba omwewo atabwerako ku Bulawayo, kumene ankagwira ntchito ya njanji. Anabwera ndi mpira umodzi, pampu ndi majezi ofiira. Timu inafapo kawiri: koyamba osewera atathawira ku usipa chaka chimene nsomba zinachuluka, kachiwiri mvula itakumba chigwembe pakati pa bwalo. Kawiri konse anaidzutsa ndi iwo. Zaka zonsezo inkangosewera ndi matimu a pachilumba pano ndi a ku Chizumulu, koma chaka chimene ndinalowa ine inali itapeza malo mu ligi yaing'ono ya chigawo cha kumpoto. Panatsala chimodzi: a ligi adzaone bwalo.

Zida zanga zinali khasu, chikwakwa, wilibala, zikhomo ndi chitini choboola pansi chothirira laimu, kapena phulusa laimu akasowa. Maukonde a magolo tinkasoka kuchokera ku chilimira chakale, ukonde uja wophera usipa. Koma chida chachikulu chinali chingwe cha a Barnaba. Mitengo ya magolo tinkaizula mvula ikayamba kuopa chiswe, ndiye chaka chilichonse bwalo linkayezedwa mwatsopano. Ife a kunyanja timayeza chingwe ndi mikwamba, kutambasula manja kuchokera chala ichi kufika chala icho. A Barnaba anamanga mfundo pa mkwamba uliwonse: makumi asanu m'litali, makumi atatu m'lifupi.

Tsiku loti ndiyeze, ndinapeza makoswe atachidula chingwecho zidutswazidutswa. A Barnaba anali chigonere, miyendo itatupa. Ndinachita mantha kukawauza, poti chingwecho ankachisunga ngati mwana. Ndinathamangira kumsika ku Chipyela, n'kugula china, n'kumanga mfundo makumi asanu ndi manja angawa. Ndinachipaka ngakhale matope kuti chioneke chakale. Mtima unali m'malo, poti ndinawerenga katatu ndipo sizinaperewere.

Chaka chimenecho mwana wina wa pachilumba wokhala ku Joni anatitumizira magolo achitsulo. Ndinawazika ndi simenti, mozama, monyadira. Kuseri kwa golo la kumtunda kunatsala kamalo, ndipo mayi Monika, amasiye olera zidzukulu zitatu, anandifunsa ngati angabzalepo chinangwa. "Bzalani mayi, kumeneko si bwalo," ndinatero ngati mwini dziko.

Woyendera mabwalo anatsika boti la m'mawa, ndipo ankayenera kubwerera ndi lomwelo 4 koloko madzulo. Theka la mudzi linabwera kudzaonerera, a Barnaba atawanyamula pampando. Bamboyo anagwedeza magolo, nasuzumira maukonde n'kuseka pang'ono, kenako anatulutsa tepi. M'lifupi munakwana. M'litali anayeza kawiri.

"Adada, apa pali mamita 82 ndi theka. Lamulo likufuna 90. Zikakhala chonchi masewero anu apakhomo muzikachitira ku Nkhata Bay."

Aliyense anadziwa tanthauzo lake. Osewera athu anali asodzi ndi alimi. Kuwoloka nyanja sabata iliyonse sakanatha, ndipo timu ikanafa kachitatu isanamenye mpira ndi umodzi womwe mu ligi.

"Chingwe changa sichinama," anatero a Barnaba. Kumbuyo kwanga ndinamva wina akunong'ona kuti nkhalamba yatha nzeru, yakhala ikutiseweretsa pa khonde zaka zonsezi. Ena anaseka. A Barnaba anamva, ndipo anangoweramitsa mutu. Ndinawaona akufota pampando paja, munthu amene anandipatsa ntchito pamene ndinalibe pogwira, ndipo ndinadzida kwambiri. Ndikanatha kukhala chete, palibe akanadziwa. Koma pakamwa panatseguka pokha.

"Agogo, chingwecho si chanu. Chanu anadya makoswe. Ichi ndinamanga ndine."

A Barnaba anapempha kuti awaimiritse. Ananditembenuza, misana yathu n'kugundana, nati titambasule manja. Anthu anaphulika kuseka, chifukwa zala zanga zinkathera pa mfundo za manja awo. Munthuyo anali wamtali ngati mlongoti, ine ndi uja mpira unandikana. Pa mkwamba uliwonse ndinkaba pang'ono, ndipo kuba makumi asanu kunadya mamita asanu ndi awiri ndi theka.

Woyendera uja anayang'ana wotchi. "Mukasuntha golo ndisanakwere boti, ndisayina."

Kusuntha kwake kunali kolowa m'chinangwa cha mayi Monika, cha miyezi inayi, chisanayambe n'komwe kubereka. Palibe anafuna kukawauza. A Barnaba anati, "Anawaloleza ndani? Yemweyo apite." Ndinawapeza ataima m'mphepete mwa kamunda kawo, zonse atazimva kale. Ndinagwada, n'kuwapempha kuti atilole tizule.

Mayi Monika anandifunsa kuti, "Mwanawe, kondowole wa ana anga chaka chino ndi ameneyu. Ukudziwa?" Ndinavomera. Kenako anati, "Zulani. Koma mtengo uliwonse muudule bwino, mukandibzalire kumtunda kuja. Musaponde ngati ng'ombe."

Tinagwira ntchito ngati amisala, dzuwa lili paliwombo. Amayi ankazula chinangwa n'kumanga mitolo, osewera akuswa simenti yanga ndi mgwala ndi piki, uku akunditukwana kuti ndinazikiranji mozama chonchi. Goloboyi anadzitema chala. Ine ndinakoka tepi ya mlendoyo, n'kukhoma zikhomo, n'kuthira mizere yatsopano. Laimu atatha tinakapala phulusa m'makhitchini a anthu. Simenti yatsopano inali isanaume pamene bamboyo anasayina, pepala atalitsamiritsa pamsana pa kaputeni, n'kuthamangira ku Chipyela kukakwera boti.

Mu ligimo tinakhalamo zaka zitatu. Sitinatengepo chikho, ndipo chaka choyamba tinapulumuka pa masewero omaliza. Koma matimu a kumtunda ankawoloka kudzasewera pa Yofu, ena akutsika boti ali ndi chizungulire, ndipo a Barnaba anaonerera masewero asanu ndi awiri apakhomo asanatisiye.

Za mayi Monika sizinathere bwino chotero. Mitengo imene tinabzala mochedwa ija yambiri inauma. Chaka chimenecho ndinkawatengera ufa wa kwathu ndi nsomba ndikapeza, koma sindinganame kuti zinakwanira. Ankalandira mwaulemu, osandikumbutsa kanthu, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Bwalo ndikusamalirabe, ndipo ndili ndi tepi yangayanga. Chida chikawonongeka ndimanena tsiku lomwelo, ngakhale andikalipire, chifukwa ndinaona kuti chimene ndinabisa ine anakachilipira ndi munthu amene sankadziwa n'komwe za chingwe. Mdzukulu wamkulu wa mayi Monika tsopano ndi goloboyi wathu. Akaima pagolo la kumtunda amandikuwira, "Achimwene, ndaima pamunda pa agogo!" Anthu amaseka, inenso ndimaseka, koma ndimadziwa kuti akunena zoona.